Ulusi wofiira pa kava ya giya, koma osaboola mwachisawawa

Mukadzakwera galimoto yochokera ku Zomba kupita ku doko la Kachulu, mukadzachita mwayi wokhala kutsogolo, mudzaponye diso pomwe dzanja lamanzere la dalaivala limatera. Chiwongolero chavekedwa kava yatsopano, pa dashibodi pali kansalu kaubweya, pagalasi pakulendewera kanthu konunkhira kolimbana ndi fungo la matemba. Koma tsikani pang'ono mufike pa giya. Kathumba kakuda kamene kamakuta tsinde la ndodo ya giya kasweka m'mapindiko, kakusupuka ngati khungu la njoka, mwinanso kamangidwa pakhosi ndi mphira ya chubu. Amakaniko ena amakatchula buti, ambirife timangoti kava ya giya. Ndi malo amene dzanja limafika kosawerengeka pa tsiku, komanso ndi malo amene eni galimoto amawakumbukira pomaliza.

Masiku ano achinyamata ayamba kuisamala kavayi. Amene amakhalira pa TikTok ndi YouTube aona momwe kava yakuda imasinthira ikadutsidwa ndi mizere ya ulusi wofiira kapena wachikasu, ndipo ena akufunsa ngati zimenezi munthu angachite yekha pakhonde. Angathe ndithu. Masana amodzi a Loweruka ndi okwana. Koma pali chinthu chimodzi chimene mavidiyo a masekondi 40 aja sakuuzani, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo: chikopa si nsalu. Pa chitenje mukalakwitsa mumamasula ulusi, n'kusita, n'kuyambiranso, palibe angadziwe. Pa chikopa kapena pa lekizini, pomwe singano yalowa pamatsala bowo mpaka kalekale. Ndiye ulusi wowala pa chinthu chakuda subisa kanthu. Sitichi imodzi ikapotoka, aliyense wokwera aziiona.

Tisanafike ku singano, tidziwe ntchito ya kava imeneyi. Pa mapikapu monga Toyota Hilux kapena Nissan Hardbody, ndodo ya giya imatsika kudzera pa bowo la pansi pa galimoto n'kukalowa mu giyabokosi. Pamenepo pamakhala makava awiri. Yam'kati ndi yamphira, ndiyo imatchinga fumbi, kutentha, phokoso ndi utsi. Yakunja ndi yomwe timaiona. Pa tigalimoto ting'onoting'ono monga Corolla, giya amakokedwa ndi zingwe zachitsulo, ndiye bowo lalikulu kulibe, koma kava imatetezabe kuti mchenga, makoko a mtedza ndi timakobili zisagwere m'zitsulo zodzozedwa girizi. Kuno kunyanja nkhani imeneyi si yaing'ono. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono, ndipo akaphwa, monga zinachitikira mu 1995 ndi mu 2018, dothi lotsalalo limasanduka fumbi losalala lolowa paliponse. Fumbi likakumana ndi girizi limakhala phala lokhakhala lomwe limadya zitsulo pang'onopang'ono. Choncho mukachotsa kava yakunja n'kupeza yamphira ija yang'ambika, ulusi wofiira uyambe wadikira. Ndalama ipite kaye kumeneko.

Tinenenso kuti si galimoto iliyonse ili nayo kavayi. Galimoto zambiri za otomatiki zochokera ku Japan, zomwe zadzaza pa masiteji athu, zili ndi pulasitiki chabe pa giya. Ngati yanu ndi yotero, onani pa handibuleki. Galimoto zina zili ndi kava pamenepo, ndipo kasokedwe kake n'chimodzimodzi.

Fashoni imeneyi inachokera ku galimoto zothamanga. Volkswagen itatulutsa Golf GTI yoyamba mu 1976, mayi wina wogwira ntchito pa kampaniyo, Gunhild Liljequist, ndiye anaganiza zoika mipando ya nsalu ya mabokosimabokosi ndi mutu wa giya wooneka ngati kampira ka gofu. Anali ataphunzira ntchito yojambula pa mbale zadothi, osati zamainjini. Pambuyo pake ulusi wofiira pa chiwongolero, pa mipando ndi pa giya unakhala chizindikiro cha GTI, ndipo a Honda nawo amachita chimodzimodzi pa Civic Type R. Abale athu amene anapondako ku Joni akudziwa momwe GTI amailemekezera kumeneko, mpaka anaipatsa dzina loti Vrrr Pha. Ulusi suwonjezera liwiro, Probox ikhalabe Probox, koma diso la munthu likaona msoko wowongoka limakhulupirira kuti galimoto yonse ndi yosamalidwa. Wogula galimoto amaonanso zomwezo. Ndipo kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kuitanitsa kava yosokasoka kuchokera kunja ndi kuseweretsa ndalama, pomwe singano ili pa msika pompano.

Ulusi wake ndi uti?

Apa mpamene ambiri amagwera. Ulusi wa thonje wosokera malaya ayi. Ndi wowonda, suoneka, umamwa thukuta ndipo umafumbwa. Maganizo oyamba a munthu wa kunyanja ndi twaini wosokera ukonde, poti ali ponseponse ndipo ndi wolimba. Angagwire ntchito ngati ali wowonda bwino, koma ambiri mwa matwaini amenewa ndi a nayiloni, ndipo nayiloni sagwirizana ndi dzuwa: amafooka, mtundu n'kusuluka. Galimoto yoima pa siteji tsiku lonse magalasi ali otseka imatentha m'kati ngati uvuni. Wabwino ndi ulusi wa poliyesita wopakidwa phula, wonenepa pakati pa mamilimita 0.6 ndi 0.8. Kaufuneni kwa osoka nsapato kapena kwa amene amakonza mipando ya galimoto ndi masofa mu mzinda wa Zomba. Ngati mwapeza wopanda phula, ukokeni kawiri katatu pa phula la njuchi, kapena pa kandulo ngati phula lasowa. Phula limaletsa ulusi kumangana komanso kuyoyoka, ndipo sitichi imagwira pomwe mwaisiya.

Za mtundu, aliyense ali ndi mtima wake, koma ine ndinena wanga. Woyera ndi wokongola tsiku loyamba lokha. Pa msewu wafumbi, ndi manja amene angogwira kumene dengu la nsomba kapena chipisi cha pa chiwaya, sabata siitha usanasanduke wotuwa. Wachikasu nawo suchedwa kuda. Wofiira woderako ndi wabuluu ndiwo amapirira. Ndikudziwa kuti pamenepa ena sasankha ndi maso koma ndi timu: wa Bullets sangalole buluu m'galimoto mwake, wa Wanderers sangagwire chofiira, ndipo kuno ku Zomba a Red Lions ali ndi ponena pawo. Zilibe kanthu. Chachikulu n'chakuti mtunduwo ukhale ndi mnzake m'galimotomo, kaya ndi magetsi a pa dashibodi, kaya ndi mizere ya pa mipando. Mitundu itatu pa kava imodzi, imeneyo ndi keke ya ukwati.

Pali njira zachidule ziwiri zomwe mungamve. Yoyamba ndi kupaka maka pa ulusi umene ulipo kale. Iwalani. Ulusi wakuda sulandira mtundu, ndipo inki imafalikira pa kava. Yachiwiri ndi yabwino kwa amene kava yawo ili kale ndi msoko wooneka kunja: mumatenga singano yobuntha n'kumalowetsa ulusi watsopano pansi pa sitichi iliyonse yakale, osaboola kanthu, osachotsa ngakhale kava. Umatuluka mzere wopotana ngati chingwe. Sizifanana kwenikweni ndi za ku fakitale, koma mukatopa nazo mumangosolola ulusi, kava n'kukhala momwe inalili.

Njira imeneyi ndiyo yoyenera achimwene amene mukuyendetsa galimoto ya abwana. Ngakhale pamenepo, pemphani kaye. Eni galimoto ambiri sakana munthu wofuna kusamala chinthu chawo, koma kupeza kava yabooledwabooledwa popanda kuuzidwa kumayambitsa mafunso ena: nanga n'chiyaninso chimene wamasula? Ntchito zaudalaivala zimatha pa nkhani zing'onozing'ono ngati zimenezi.

Kuchotsa popanda kuthyola

Amene galimoto ndi yanu ndipo mukufuna msoko weniweni, kava iyenera kutuluka. Imikani pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, ikani mwala kutayala, zimitsani injini. Kenako tulutsani foni ija mujambule chilichonse musanachigwire, ndipo muzijambulanso mukachotsa kanthu kalikonse. Pobwezera mudzayamika.

Pa ma Toyota ambiri a manyuwo, mutu wa giya umamasuka poupotoza kumanzere ngati chotsekera botolo. Pa galimoto zina, makamaka za ku Ulaya, umakhala wopanidwa ndi kachitsulo kapena wokhomeredwa, ndipo ena ali ndi kamphete kokweza polowetsa rivesi. Ukakana kuzungulira musalimbane nawo ndi pulayazi. Lembani dzina la galimoto yanu ndi chaka chake pa YouTube, bandulo ya mphindi 10 ndi yotchipa kuposa mutu wa giya watsopano. Pulasitiki yozungulira giya imagwidwa ndi timano, nthawi zina ndi masikuluwu obisika pansi pa malo oika makapu. Pulasitiki ya galimoto ya zaka 15 kapena 20 yomwe yawambidwa ndi dzuwa lathuli imathyoka ngati bisiketi. Kulungani nsonga ya sikuludiraiva ndi kansalu, muzikweza pang'onopang'ono kuzungulira mbali zonse, osati kutukula mbali imodzi. Ngati pansi pake pali waya wa pochajira foni, mutsomoleni bwinobwino musanakoke.

Kava imakhala yomatidwa kapena yokhomedwa ndi timawaya ku felemu ya pulasitiki pansi, ndipo pamwamba imamangidwa ndi kamphete kapena kalamba ka pulasitiki. Musanailekanitse ndi felemu, lembani ndi choko m'kati mwake mbali yoloza kutsogolo. Makava ambiri sakhala ofanana mbali zonse, ndipo yobwezeredwa chambuyo imakoka.

Tsopano itembenuzeni muione bwino. Nthawi zambiri ndi zidutswa 4 zolumikizidwa ndi misoko 4 yochokera pakhosi kutsika pansi. Msoko wam'kati wolumikiza zidutswawo musaukhudze, ndiwo msana wa kava. Ngati kunja kuli kale mizere ya ulusi wakuda m'mbali mwa msoko uliwonse, mwachita mwayi waukulu. Dulani ulusi umenewo ndi lezala kuchokera m'kati, sitichi imodziimodzi, n'kusolola tizidutswa. Mabowo a ku fakitale atsala ali pa mzere, otalikirana mofanana, ndipo ntchito yanu ndi kungowatsata. Musaboole ngakhale limodzi latsopano.

Ngati kunja kulibe mizere, ndiye muboola nokha, ndipo apa mpofunika kudekha kuposa pena paliponse. Tambasulani timapiko tiwiri ta m'kati mwa msoko, kena uku kena uko, mutimate ndi kaguluu kochepa ka nsapato kuti tigone. Kunja, yezani mamilimita 4 kapena 5 kuchokera pa msoko mbali zonse ziwiri, jambulani mzere ndi choko chosongoka kapena matani tepi ya pepala kuti m'mphepete mwake mukhale mzere wanu. Bolopeni ayi, safufutika. Kenako ikani madontho otalikirana mamilimita 5. Rula ya mwana wa sukulu ndi yokwana. Ena amadinda ndi foloko yodyera, ndipo imathandiza ngati mano ake ali owongoka: podinda kachiwiri, dzino loyamba lizilowa pa dontho lomaliza. Madontho a kumanzere kwa msoko ayang'anane ndi a kumanja. Mukamaliza musathamangire kuboola. Ikani kava patali pang'ono, muiyang'ane, muitane wina aiyang'anenso. Choko chimafufutika ndi chala. Mukakhutira, yalani kava pa kathabwa n'kuboola ndi singano yaikulu kapena kamsomali kowonda konoledwa, dzanja lili chilili osapendama.

Chifukwa chake sitichi zisayandikane kwambiri n'chosavuta kumva. Kumbukirani pepala la mu lisiti buku, lomwe limang'ambika bwino potsata timabowo. Lekizini wobooledwa pa mamilimita 2 aliwonse amachita chimodzimodzi, ndipo kava ya giya imapindika tsiku lonse.

Singano ziwiri, ulusi umodzi

Kasokedwe kake ndi kamene osoka zishalo za akavalo anakhala akugwiritsa ntchito kuyambira kale, ndipo osoka nsapato athu ali ndi kofanana nako ka singano ya mbedza. Yezani kutalika kwa mzere umodzi, dulani ulusi wotalika kanayi kuposa pamenepo, n'kuwonjezerako pang'ono. Mzere wa masentimita 25 ufuna ulusi woposa mita imodzi. Ikani singano kumapeto onse awiri. Singano zobuntha ndizo zabwino, chifukwa zimatsata bowo lomwe lilipo m'malo moboola lina pambali. Mukasowa, khuthizani nsonga ya singano wamba pa mwala.

Yambirani kukhosi, komwe maso amafikira msanga, manja asanatope. Lowetsani singano pa bowo loyamba, kokani mpaka ulusi ukhale wofanana mbali zonse. Singano ya kunja ilowe pa bowo lachiwiri kupita m'kati, kenako ya m'kati ilowe pa bowo lomwelo kutulukira kunja, osabaya ulusi wa inzake. Kokani zonse ziwiri limodzi. Basi, sitichi imodzi yatha. Chinsinsi chake n'kusasinthasintha. Ngati mwayamba ndi singano ya kunja, iziyamba yomweyo mpaka kumapeto, ndipo yachiwiri izidutsa mbali imodzimodzi ya ulusi woyamba nthawi zonse. Mukasintha pakati, sitichi imodzi imagona mosiyana ndi zinzake, ndipo pa ulusi wofiira imaonekera patali. Kukoka nako kukhale kofanana, kokwanira kuti ulusi ugone pa kava, osati mpaka kava ichite makwinya. Amene munakhalapo pafupi ndi asodzi akusoka ukonde pansi pa mtengo mukudziwa kale zimenezi: maso a ukonde amafanana chifukwa dzanja limakoka mofanana, ngakhale mwini wake ali pakati pa nkhani ya mpira.

Ubwino wa kasokedwe aka ndi wakuti ulusi ukaduka pamalo amodzi, mnzake wa mbali inayo amagwirabe. Msoko wa makina ukaduka umatha kusololoka. Mukafika kumapeto, bwererani m'mbuyo mabowo awiri, tulutsirani nsonga zonse m'kati, dulani kusiya mamilimita 3, n'kuzisungunula ndi machesi n'kuzikanikiza. Lawi lingokhudza ulusi, lekizini amapsa msanga. Mfundo zikuluzikulu sizifunika. Misoko 4, uliwonse mizere iwiri, ndiye mizere 8. Woyamba ukutengerani nthawi yaitali mpaka muyamba kudzifunsa kuti munayambiranji, koma pofika wachitatu manja amakhala atazolowera. Sokani masana kuli kowala, osati usiku ndi tochi ya foni.

Nanga ngati kava yatheratu? Lekizini amene wayamba kusupuka sasokeka, singano imangomunyenya. Pamenepo phwasulani kava yakaleyo pa misoko yake, zidutswazo zikhale patani. Chikopa chabwino chili pa kaunjika: chikwama cha amayi chofewa chomwe zipi yake inafa, kapena jekete yong'ambika mkono yomwe palibe akuifuna. Sankhani chofewa, chosapitirira milimita imodzi ndi theka kunenepa kwake, chifukwa cholimba sichipindika. Misoko ya m'kati apatseni atelala a pakhonde asoke ndi makina awo, singano ya saizi 18 ndi sitichi yotalika. Uzani bambowo kapena mayiwo kuti asagwiritse ntchito mapini, poti nawonso amasiya mabowo. Zopanira zovala pa chingwe zimagwira bwino. Mizere yofiira ya kunja mudzasoka nokha. Ena amafunsa za chitenje. N'chokongola inde, koma chimamwa fumbi ndi mafuta, ndipo kava si chinthu chochotsa sabata iliyonse kukachapa.

Podula chikopa chatsopano musachepetse kutalika pofuna kuti kava ioneke yothina bwino. Makwinya amene mumawaona pa kava ya ku fakitale anaikidwa dala. Ndodo ya giya imayenda kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, ndipo kava iyenera kuitsatira momasuka. Yothina imakoka ndodo kubwerera pakati, ndipo giya angathe kuphonyoka yekha muli pa ulendo. Taganizani zichitike muli pa chitunda, mwanyamula anthu ndi matumba a mpunga, injini ingolira galimoto osakoka. Vuto lomweli limabweranso ngati mwamanga khosi la kava m'mwamba kwambiri pa ndodo, kapena ngati mwakoka ulusi mwamphamvu mpaka misoko yafupika.

Ndiye pobwezera chitani motere. Matani kava ku felemu ndi guluu wa nsapato, kupaka mbali zonse ziwiri n'kudikira aume pang'ono musanaphatikize, chizindikiro cha choko chija chikuloza kutsogolo. Itembenuzeni, mangani khosi ndi kalamba ka pulasitiki pamalo pomwe panali kakale, n'kuitsitsa. Musanakhomere pulasitiki yozungulira, injini ili chizimire, pondani kilatchi n'kulowetsa magiya onse mmodzimmodzi mpaka rivesi. Pa giya aliyense siyani ndodo, n'kutsina kava mbali yomwe yatambasuka. Ngati ikutsinika pakati pa zala, ili bwino. Ngati yalimba ngati chikopa cha ng'oma, masulani khosi muitsitse sentimita imodzi, muyesenso. Mukatero bwezerani waya wa pochajira uja, kanikizani pulasitiki mpaka timano tonse tilire, pomaliza potozani mutu wa giya mpaka manambala ake awongoke.